Buledi wa Pepala Lobiriwira

Pa shopu ina ku Kapata
mnyamata anandilozera buledi wa pepala lobiriwira:
"Uyu ndi wa inu a shuga, bambo Mvula,
sitachi yonse anaichotsamo."

Anaichotsa ndani? Nakaitaya kuti?
Ndinatembenuza pepala: tizilembo ngati nyerere,
magalasi anga anagonja.
Mtengo wokha ndiwo unkaoneka uli patali,
maulendo asanu a njinga yanga
nditanyamula munthu mpaka ku Kalongwezi.

Ndinagulabe.
Mtima wa wodwala ndi khomo lopanda chitseko.

Magawo awiri, tiyi wosathira kanthu.
Ndinadikira maola awiri
monga anandiphunzitsira sisitala Tisiyenji kuchipatala,
kenaka ndinabaya chala.

Kamakina sikamva zotsatsa malonda.
Kanatchula nambala yomwe ija
imene kamatchula ndikadya buledi wa anthu onse.

Kaya chala changa n'chabodza,
kaya magazi anga sadziwa Chingerezi.

Lero ndadutsa pashopupo osatsika,
nsawa zokazinga zili m'thumba.
Mnyamata uja wandikodola, buledi ali m'manja.
Ine ndangoliza belu.