Masipoko

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pansi pa mtengo wa nimu
pa Kamuzu Road, moyang'anana ndi chigayo,
ndikuwongola mikombero ya njinga za eni.
Limu ikapindika ndimaipana ndi mawondo,
ndimaizunguza, khutu lili tcheru pomwe ikukhula,
sipoko iyi ndimange, iyo ndimasule pang'ono,
mpaka tayala lileke kupukusa mutu.

Lero tayala ndine.

Inandipeza ndi njinga yamoto, Lachinayi,
ndikuwoloka msewu, chubu chili m'manja.
Msongolo unathyokera m'munsi, zala zinayi kuchokera pa kakolo,
fupa n'kusuzumira panja
ngati likufuna kuona nkhope ya wolichita chipongwe.
Pachipatala cha boma anatsuka, anakulunga,
anati chikhakha pano ayi, bala lotere silitsekeredwa,
ndipo kachidutswa kam'munsi n'kakafupi,
chitsulo cham'kati chilibe pogwira.
Ambulansi ya ku Lilongwe inanyamuka Loweruka.

Ndinatsitsimuka ndili ndi mikombero itatu pamwendo.
Ndinawerenga mawaya: asanu ndi atatu,
kulowa uku, kuboola fupa, kutulukira uko,
onse okungika nga!
Ndinakodola imodzi ndi chikhadabo, mwachizolowezi.
Inalira bwino.
Ndinati, adokotala, amene wamanga apa ntchito amaidziwa.
A Chinthenga anaseka, natulutsa sipanala m'thumba la gauni.
Nambala teni.
Yofanana ndi yanga ija imasowasowa.

Kunyumba ku Kaphatenga, Esinala anang'amba buluku langa la ku tchalitchi
n'kusokerera mabatani m'mbali.
M'mawa uliwonse amawiritsa madzi, kamchere pang'ono,
thonje limodzi, bowo limodzi, osabwereza.
Mabowo khumi ndi asanu ndi limodzi amawadziwa ngati ana ake:
ili ndi lofatsa, ili limayabwa,
ili la pakakolo ndi lolira, limafuna kuliyang'anira.
Usiku chitsulo chimakola neti.
Tang'amba awiri.

Ana amanditsata kuti aone bambo wa khola kumwendo.
Mayi wina pamjigo anafunsa ngati mphezi sidzandilondola.
Dzuwa la Okutobala likakwiya ndimafunditsa mikombero chitenje
kuti ingandiotche.

Anati ponda.
Ndinati ndiponde chothyoka?
Anati fupa ndi waulesi, likapanda kusenza silikula.
Ndinaponda, mano ali gwa,
ndipo mawaya anandinyamula
momwe masipoko opyapyala amanyamulira matumba atatu a makala.
Ine wodziwa zimenezi, ndinkakayika chiyani?

Mwezi wachitatu anakweza chithunzi pawindo.
Pakati pa zidutswa ziwiri panali kautsi,
kochepa, ngati ka moto wa dzulo.
Anati ndi limenelo, likubwera.
Ndinakayang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndinayang'anira mwana wanga woyamba.

Ndabwerera pansi pa nimu, ndodo zili potero.
Dzana kunabwera mnyamata akukankha njinga yamoto,
limu yakutsogolo itapindika.
Anaona mwendo, anaona nkhope yanga,
anavula chipewa, mawu osatuluka.
Ndinamudziwa ndi chipsera cha pachibwano.

Ndinati gwetsa tayalalo tione.
Pakati pa mawondo silinakwane, malo anatenga kale zitsulo,
choncho anagwada n'kuligwira iye,
ine ndikuzunguza,
tonse awiri chete,
tikumvetsera pomwe pakukhula.