Kadamsana pa Bwinja la Mgodi

Tinanyamuka ku Kapata Loweruka, tambala asanalire kachiwiri:
ine, Tilyenji, ndi atate pampando wakutsogolo
atavala jekete lopitira kumaliro, ngakhale panalibe womwalira.
Galimoto inali yobwereka kwa a Sakala ogula fodya,
chitseko chimodzi chomanga ndi lekeni.
M'chikwama cha Tilyenji munali magalasi atatu akuda
opempha kwa mnyamata wowotcherera mageti kuseri kwa msika.

Pa Katete tinamwa tiyi. Pa Sinda tayala linaphwa.
Titadutsa Petauke, phula linatitsanzika,
msewu unachepa mpaka kusanduka njira ya ng'ombe,
kenako tsekera yekhayekha wokwapula mawindo.

"Imani pano," anatero atate,
amene maso awo anachita ng'ala zaka zinayi zapitazo.

Bwinja silibisala.
Mitengo ya mango yaima pamzere ngati ana asukulu
odikira mphunzitsi amene anasamutsidwa kalekale.
Sitolo inatsala khonde lokha,
mkuyu wamera pomwe panali sikelo.
Mu ofesi yolandirira malipiro mileme yalendewera
ngati makalata osowa eniake.
Tilyenji anaponya mwala m'dzenje la mgodi,
tinatchera khutu, mwalawo sunayankhe.

"Kuchoka pa thanki, mapazi makumi anayi chakum'mawa."
Tinawerenga nawo, tinathera m'chitsamba cha minga.
Anaseka: anali mapazi a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.
Pobwerera tinaupeza,
mlomo wa khomo lopanda nyumba,
simenti yosweka, ndipo pakona pake
kaphazi kamwana kodindika simenti isanaume.
Atate anagwada, anayendetsa chala pazala zisanuzo.
"Zelipa," anatero. Dzina limene sitinalimvepo.
Sitinafunse.

Tinagona m'galimoto, udzudzu ukutilipiritsa msonkho.

Lamulungu masana dzuwa linalumidwa m'mbali
ngati chitumbuwa m'manja mwa mwana wakuba.
Pansi pa mango panagwa timiyezi tambirimbiri,
tina pa nsapato zanga, tina pa jekete la atate.
Kamphepo kozizira kanatuluka sindikudziwa kuti.
Njiwa zinadula nyimbo pakati.
Mileme inatuluka mu ofesi ija, itanamizidwa,
nkhululu zinayamba ntchito nthawi isanakwane,
kenako zii!
Kumwamba kunatsala mphete yoyera
yozungulira bowo lakuda ngati dzenje lija,
ndi nyenyezi imodzi yamanyazi.

Tilyenji anawapatsa galasi. Anakana.
"Mdima uwu ndimakhalamo tsiku ndi tsiku.
Lero inu ndinu alendo anga. Khalani pansi."
Ndipo anayamba kuloza:
apo a Mbewe akuyatsa koloboyi,
apo mkazi wa kapitawo akuanula zovala,
apo amayi akuitana nkhuku,
uyo Zelipa akuthamanga, sopo m'manja, chenji m'kamwa.
Kwa mphindi ziwiri ndinaopa kutembenuka
kuti ndingawaone.

Kenako kuwala kunadontha m'mphepete mwa mphete.
Tambala wa kumunda wina kutali analira mosokonezeka.
Makoma anabwerera kukhala makoma.

Pobwerera tinakangana za ndalama ya mafuta
ndi za amene akauze a Sakala za tayala.
Atate anagona kuyambira pa Sinda, pakamwa pali yasa.
Magetsi a Chipata ataonekera pansi pa mapiri
Tilyenji anapisa m'chikwama, anapeza magalasi awiri.
Lachitatu analisiya pa simenti paja,
pambali pa kaphazi.