Bafa la ku Northcliff

Linafika pa lole Lachiwiri m'mamawa,
litakutidwa mapepala ngati mkwatibwi,
chisanu cha Juni chikuluma zala.
Chipata chinakana. Tinayesa chammbali, tinayesa choimiritsa,
mpaka a Pretorius anaitanitsa kileni
ndipo bafa linadutsa pamwamba pa denga
likuzungulira pang'onopang'ono,
agalu a mtunda wonse akuliuwa.

Tinalipo atatu:
ine Chidzanja wa mapaipi,
Jossias wa ku Tete wodziwa nthambo zamagetsi,
ndi Lwazi, kamnyamata ka ku Soweto
kongogwira chingwe n'kumaseka Chizulu changa.

Koma poyamba lakale lichoke.
Zaka khumi ndi zinayi lili pamenepo,
pansi pake tinapeza mphemvu, ndolo imodzi,
ndi kagalimoto kapulasitiki
ka mwana amene anawoloka nyanja osabwerera.
Ndolo ndinapereka. Mayi anaiyang'ana nthawi yaitali.
Mng'alu wa bafalo unali wotalika ngati mkono wanga.
Anati, "Katayeni."
Ndinati, "Ndikataya ndine."

Simenti ya sabata yatha inali itagwira.
Ndinaika levulo, kadontho kanaima pakati
ngati mboni yokana chiphuphu.
Paipi iyi yolowetsa, iyi yotulutsa,
guluu wonunkha mpaka mutu waching'alang'ala.
Sipanala inaterereka n'kundisenda chala.
Jossias anati usadandaule mbale,
ntchito ya ku Joni siyenda isanalawe magazi.

Mipando isanu m'madzi, nyumba ya anthu awiri.
Timabowo makumi anayi topemerera thovu kumsana,
getsi losintha mitundu ngati bilimankhwe.
Ndinaona mtengo wake papepala
ndipo ndinausandutsa makwacha:
malata, njerwa zowotcha, chitseko cha mlombwa,
fizi ya Tiyanjane mpaka folomu folo.
Masamuwo anasefukira pafoni.

Linamwa madzi maola atatu.
Titangodina batani magetsi anathima,
mtunda wonse zii,
kenako majenereta anayamba kutsokomola khomo ndi khomo.
Dzuwa likupendeka madzi anabwadamuka,
nthunzi n'kuphimba nsanja ya Hillbrow kutaliko.
"Pisa dzanja, Chidzanja, uone ngati afunda."
Ndinapisa mpaka m'chigongono.
Bala linanyereza, kenako linaleka.
Ndivomere, ndinachedwa kulitulutsa.
Mwezi wonse uno ndasamba m'chigubu chodula pakati,
ketulo imodzi ya madzi, kuyamba kumaso,
kumapazi kufika atazizira kale.

"Ali bwino, bwana."
Anandipatsa ndalama mu envulopu, ndi malalanje anayi.

Lakale lija tinalimanga pa galimoto ya Jossias
mpaka ku Diepsloot, kuseri kwa chipinda changa cha malata.
Mayi Sebola, eni malo, anagwira m'chiuno:
"Iwe Mmalawi, mpopi wauma masiku atatu,
ufuna kusambira m'chiyani?"
Sindinayankhe.
Ndinabwereka wilibala.
Dothi lofiira la m'mbali mwa msewu,
manyowa a nkhuku za oyandikana nawo,
phulusa la mbaula.
Mng'alu uja, umene unalichotsa ntchito,
ndi umene umatulutsa madzi mizu ingawole.

Mbewu zinabwera pa basi ya ku Blantyre,
Nasibeko atazikulunga m'pepala la shuga:
mpiru, kamuganje, ndi nthanga za maungu zodikira dzinja.
Pafoni anafunsa, "Ntchito yanji masiku ano?"
Ndinati ndikukumba zitsime zotentha.
Anaseka mpaka mayunitsi anatha.

Madzulo ndikasamba sinditaya madzi.
Ndimanyamula chigubu changa chodula,
ndimathirira mpando ndi mpando, yonse isanu.
Kumtunda kuja nthawi ngati ino
mwina alowamo awiriwo, mwina mmodzi,
mapewa m'nthunzi, maso kumwamba.
Ine ndimawerama ndi tochi ya foni.
Dzulo timasamba tiwiri tasuzumira
pafupi ndi kabowo ka thovu,
ndipo mayi Sebola afunsa kale
kuti mpukutu udzakhala ndalama zingati.