Dzenje la Khumi ndi Chinayi

Kunja kwa zenera mzinda wa Oulu uli zii,
chipale chofewa chakwirira njinga za ana
mpaka mahandulo okha ndiwo akusuzumira.
Basi yanga ndaisiya kudepoti,
masokosi akadali achinyontho,
ndipo ndili pano,
pa kapinga amene sanalawepo mvula,
m'dziko la kuseri kwa galasi, kumene dzuwa sililowa.

Lachisanu tinalipo zikwi zitatu.
Usiku uno tatsala makumi asanu,
ndipo ine ndinali wachisanu ndi chiwiri
mpaka dzenje la khumi ndi chinayi.

Ndani anakumba dzenje pamsana pa fulu?
Mamita awiri okha!
Ndinawerenga timizere toyenda ngati nyerere,
ndinagwira mpweya,
ndinakankha kambewa ka kompyuta ndi nsonga ya chala
ngati wotseka chitseko cha mwana wogona.
Mpira unapita,
unanunkhiza mlomo wa dzenje,
unakana,
n'kutembenuka,
n'kundidutsa pamapazi osapereka moni,
kutsetsereka, kutsetsereka,
mpaka kukagona mumchenga.
Madzi saiwala khwawa.

Kanayi ndinamenya.
Kachisanu ndinatukwana.

Tuulikki anatulukira atafunda bulangete.
"Eelis, anzakowo anawapatsa dzenje lina?"
Ayi.
"Kapinga wina?"
Yemweyu.
"Ndiye wakubera ndani?"
Anazimitsa getsi la kukhitchini n'kubwerera kukagona.

Ndinafuna kumutsatira ndikamuuze
kuti mliri sukhala chilungamo
chifukwa choti wagwera nyumba zonse.
Kuti mphepo ya kunyanja ilibe mwini,
koma chitunda ichi chili naye:
munthu wina, mu ofesi yofunda,
sangweji ili kumanzere,
anakoka dzenje ndi chala chimodzi
n'kuliika pamene mpira sungaime.
Kuti luso ndi mwayi zikavala malaya ofanana
gofu wasanduka njuga,
ndipo amene wachita khama nyengo yonse yozizira
afanana ndi amene anangoyetsemula, mpira n'kulowa.

Koma pa bolodi pali dzina.
Haneul, wa ku Busan.
Dzenje lomweli: kumenya kamodzi.

Ndinaonera kumenya kwakeko kasanu ndi kawiri,
kufunafuna chinyengo
ngati wofuna tsitsi m'chakudya cha mnzake.
Iye sanayang'ane dzenje n'komwe.
Analifulatira pang'ono,
analoza kumanzere, kumtunda, kumene kulibe kanthu,
n'kuutuma mpira ngati sakuufunanso.
Unakwera, unatopa, unaima ngati ukuganiza,
kenako unabwera wokha,
pang'onopang'ono,
n'kugweramo ngati ukulowa kwawo.

Kaya anadziwa.
Kaya dzanja linangoterereka.
Makina sanena.

Mawa m'mawa mlatho wa ku Tuira udzakhala galasi.
Zaka khumi ndi zinayi ndawoloka pamenepo
ndi anthu makumi anayi kumsana kwanga.
Sulimbana nawo madzi oundana;
mabuleki umawanong'oneza,
chiwongolero umachipembedza,
basi umaipatsa njira yomwe yafuna kale.
Palibe wokwera anandifunsapo
ngati msewuwo ndi wachilungamo.
Amangofuna kutsika amoyo pa siteji yawo.

Komabe mlatho sauika dala pokhota
kuti aone ndani agwere mumtsinje.

Tsopano ndine wa makumi anayi ndi mmodzi.
Kamendulo kagolide, kopanda kulemera,
kapita kwa munthu amene sindidzamuona nkhope,
kumene mwina kwacha kale
ndipo akuthamangira sitima.

Koloko yati fili.
Khasu la galimoto yochotsa chipale
likukanda msewu pansipa.
Ndatsegulanso bwalo loyeserera,
ndaika mpira pamene unandichititsa manyazi.
Dzenjelo analiika moipa,
sindibweza mawu,
ndipo ndidzawalembera kalata Lolemba.

Koma ndaloza kumanzere.