Iyambe Yanjuta

Zakeyu anabwera nayo Lachiwiri,
injini ikubangula mpaka agalu a pa Lizulu kubisa michira.
Akuti: Amisiri, mphamvu ilimo, koma ikundiyalutsa.
Mbendera ikatsika anzanga apita,
ine ndikadali pomwepo, kufukiza utsi
ngati wootcha makala.

Ndinagwira matayala akumbuyo,
osalala ngati chipumi cha khanda.
Ndati: Galimoto yakoyi pakamwa ndi pambiri,
koma siponda pansi.

Pita pamsika ukaone Nandau
akamasenza thumba la kachewere.
Sayamba n'kuthamanga ayi.
Amapinda mawondo, zidendene n'kumira m'dothi,
kulemera konse n'kutsikira m'chiuno,
kenako hii! thumba lili pamutu, uyo wapita.
Yakoyi ikufuna kunyamuka ili chiimire njo
ngati msilikali pa perete.
Iyambe yanjuta.

Tinaikweza pa jeke usiku wa mu Juni,
chisanu chikuluma zala,
sipanala kumata m'manja.
Kutsogolo ndinachotsa masipuling'i ouma gwa aja
n'kuikamo ofewa, a galimoto ya abusa
imene yagona patsinde pa mpichesi zaka zinayi,
kuti mphuno idzuke msanga,
katundu yense athawire kumbuyo.
Mashokapu akumbuyo ndinamanga, ndinamasula,
ndinamanganso, khutu lili pachitsulo.
Batire tinalisamutsira m'buti.
Mpweya tinauphwetsako pang'ono
kuti tayala litambasule phazi ngati bakha.

Zakeyu akungozungulira, manja m'thumba:
Bwanji osangogula kabyuleta yaikulu?
Sindinamuyankhe.
Mbuzi ikamaterereka pathanthwe
suionjezera msipu.

Tinakayesera kuseri kwa nkhokwe zakale,
pakaphula kosadutsa munthu.
Ndinalemba choko pa tayala,
mwana wanga Tiyanjane atagona chafufumimba ndi foni
kuti tikaonere pang'onopang'ono.
Ulendo woyamba, utsi womwe uja.
Wachiwiri inadumphadumpha ngati chule,
mano a Zakeyu kuombana m'kamwa.
Ndinakwawiranso kunsi, girizi kudonthera m'maso,
kupotoza kawiri, kubweza kamodzi.
Wachisanu ndi chiwiri, choko chija chinayenda
limodzi ndi msewu.
Tiyanjane anaiwala kujambula.

Loweruka dzuwa linafunditsa phula.
Anthu atakwera pamilu ya njerwa,
ogulitsa kabichi atasiya malonda ndi ana.
Mbendera inatsika.

Inanjuta.
Ndinaona ndi maso angawa:
msana pansi, mphuno m'mwamba
ngati ng'ombe yanunkhiza mvula,
utsi ngakhale pang'ono,
matayala kuluma phula ngati ali nalo mangawa.
Ya Chidothi ija, yopentapenta, inatsala ikudzikanda.
Mikono khumi. Makumi awiri.

Kenako thyo!

Injini kulira yokha, miyendo zii.
Inakaima pafupi ndi chulu, mwaulemu ndithu,
Chidothi n'kudutsa akuimba hutala.
Anthu kuseka mpaka kugwa pa njerwa.
Zakeyu anavula chipewa chachitsulo,
misozi ndi thukuta osasiyanitsika.

Ine ndinalowa kunsi.
Shafuti inali itapotoka ngati chingwe cha khonje,
itaduka pakati, ikadali yotentha.
Ndipo ndinaseka, ndili chagada m'fumbi,
kuseka kosayenera pamaliro.
Zaka zonsezi mphamvu inkathawira mu utsi,
palibe chinkaimva.
Lero yapeza pogwira,
yatembenuka n'kufunsa: wofooka wina ndani muno?
Shafuti n'kuyankha: ndine.

Chidutswa chake ndachipachika pakhomo la galaja,
pamwamba pa kalendala ya ogulitsa feteleza.
Makasitomala amafunsa ngati ndi mankhwala.
Ndimati eya.

Zakeyu sanandilipirebe.
Watumiza uthenga kuti wapeza shafuti yonenepa ku Biriwiri,
abwera nayo Lachiwiri.
Ndayamba kale kuyang'ana difu
ndi diso la chisoni.