Mphuno ya Velina

Pa Lizulu makabichi akufota,
ife taunjikana pa foni ya Dolika
yosweka galasi.
Akuti uyu ndi Velina wa m'mafilimu.

Mphuno iyi si yakwathu kuno, atero Nasiketi,
anakaisongola ku Joni.
Nanga mbinayo? Ya jakisoni,
paja ankasowa pomangira chitenje.
Dolika akuti ndi kamera chabe
ndi batala wa m'tauni.

Ine chete.
Ndikufunafuna chipsera cha pachibwano,
cha tsiku lija tinagwa pa njinga
titanyamula thumba la kachewere,
iye n'kumaseka magazi ali chuchuchu.

Ndakuza chithunzi ndi zala ziwiri.
Palibe.
Changa chikadali pabondo,
chimayabwa kukamazizira.

Basi ya ku Lilongwe yaima.
Tathamangira ku mawindo.