Waya wa Pakati

Lachisanu woweruza anawerenga masamba khumi ndi anayi.
Ine kunalibe, ndinali kumanga mpope wodontha.
Lolemba a Shawa, apampando wa bodi,
anandipatsa pulayala osandiyang'ana kumaso:
"Khoti lati uchotse."

Wayayo ndinamanga ndine.
Nsanamira khumi ndi ziwiri za bulugamu,
ndinazipaka oyilo wakuda kuti chiswe chisalawe.
Kumtunda ana a ku Kalongwezi, olipira, nsapato zonyezimira;
kumunsi a ku Navutika ndi ku Mchini,
olowa masana choko chitatha,
aphunzitsi mawu atasasa.
Sukulu imodzi, belu limodzi,
zimbudzi ziwiri.

Anakasuma ndi mai Vainesi Chulu,
aja a mtedza wokazinga pamsika wa Kapata.
Zaka zitatu akukwera njinga ya hayala kupita kukhoti,
risiti iliyonse yomanga pamfundo ya chitenje.
Anthu ankati, mbuzi ikasuma fisi
woweruza amafunsa kaye mtengo wa ndiwo.

Bodi inakhala kanayi.
Ndinkalowetsa tiyi, makutu ndikusiya komweko.
"Ife sitisankha mwana," anatero msungichuma,
"timangoyang'ana pepala lakubanki."
Wina anafunsa za nsabwe.
Wina anafunsa ngati mawu oti onse
amatanthauzadi onse.

Kugwetsa sikunatenge ngakhale m'mawa wonse.
Panatsala maenje khumi ndi awiri
ndi mzere wa udzu wautali
pomwe phazi silinapondepo zaka zisanu ndi zinayi.

Belu lopumira litalira ndinaima pakhonde.
Akumtunda anathamanga, nafika pamzere, naima.
Akumunsi chimodzimodzi.
Anayang'anana ngati anthu a kutsidya
Lunkhwakwa itadzaza.

Kenaka Tikambenji, mwana wa mai Chulu,
siketi yachigamba, pensulo m'tsitsi,
anabwerera m'mbuyo mapazi asanu,
nathamanga, nalumpha,
kukweza maondo mpaka pachifuwa
kuopa kukodwa ndi waya
umene ndinali nditaupinda kale.

Wanga Ganizani anamaliza chaka chatha, kumunsi.
Sanandifunsepo kuti anakumba maenje ndani.

Madzulo ndinafunsa a Shawa
ngati ndingatenge wayayo ndikatchingire nkhuku.
Anatseka chikwama, nayang'ana kuphiri la Kanjala.
"Ikani m'sitolo, a Ziwa, pouma.
Loya wati tichita apilo."

Ndaika pouma.
Koma maenje ndakwirira usiku,
ndapondaponda,
ndipo udzu uja ndautchetcha.